Mgodi Wachiwiri wa ku Nigel

Kumudzi mbiya ikasweka sathamangira nayo kudzala. Chibenthu chachikulu chimasanduka phale, ndipo phalelo limakazinga chimanga ndi mtedza mwina kwa zaka zambiri kuposa zimene mbiyayo idakhala ikusunga madzi. Khasu likaperepeseka limatchedwa kambwiri n'kuperekedwa kwa mwana amene akuphunzira kupalira. Chitini chimasanduka koloboyi, tayala lakutha limasanduka nkhwayira, chitenje chong'ambika chimapereka zigamba. Chichewa chili ndi maina onsewa chifukwa eni ake adaona kale kuti chinthu chikasiya ntchito imodzi chimayamba ina, ndipo ntchito yatsopanoyo imafuna dzina lakelake. Kudzala kunkapita zokhazo zimene nthaka ikhoza kudya, monga phulusa, makoko ndi zitsononkho, ndipo mvula ikagwa dzalalo linkabweza ngongole yake ndi maungu ndi bonongwe.

Masiku ano kwabwera dzina lina limene likumveka m'misonkhano, pawailesi ndi m'zikalata za maboma: zinyalala zamagetsi. M'dzinali aunjikamo foni ya m'manja yosweka galasi, kompyuta yochedwa kuyaka, wailesi yakanema yachikale, firiji yosiya kuziziritsa, mabatire ndi mawaya. Dzinali ndi labodza, ndipo bodza lakelo lili ndi olidyerera. Munthu akakhulupirira kuti chimene ali nacho m'manja ndi chinyalala, amachitaya osafunsa mtengo wake, osafunsa amene adzachitola, osafunsanso kumene phindu lake lidzathere. Aliyense amene akukayika apite ku Nigel, tawuni ya migodi ya kummwera chakummawa kwa Johannesburg, m'khonsolo ya Ekurhuleni, pakuti kumeneko bodza lamtunduwu lidanenedwapo kale, ndipo zotsatira zake zikuonekabe ndi maso.

Nigel idabadwa ndi golide. M'chaka cha 1886 mwala wa golide udapezeka pamunda wotchedwa Varkensfontein, wa Petrus Johannes Marais, ndipo pofika 1888 kampani ya Nigel Gold Mining idali itakhazikitsidwa. Pambuyo pake padabwera migodi ina monga Sub Nigel ndi Marievale. Migodi ya chigawo chonse cha Witwatersrand, chimene Nigel ili kumapeto kwake, idakumbidwa ndi manja a anthu akuda ochokera kutali, ndipo pakati pawo padali Amalawi miyandamiyanda amene adapita ku Joni kudzera ku Wenela. Pofika 1973 Amalawi a m'migodi ya South Africa adapitirira 100,000. Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, ndipo Dr. Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu ntchitoyi. Amene adabwerako amoyo adafika kumudzi ndi njinga, wailesi, jekete ndi bulangete. Ambiri adafikanso ndi chifuwa chimene sichidathe, chifukwa fumbi la mwala lidali litakhazikika m'mapapo. Padatenga mpaka 2019 kuti khoti la ku Johannesburg livomereze chipukutamisozi cha R5 biliyoni kwa odwala matenda a fumbili ndi chifuwa chachikulu, nthawi imene ambiri mwa eni mlandu adali atagona kale kumanda.

Golide adapita ku Germiston kukayengedwa, n'kupitirira kutsidya kwa nyanja. Ku Nigel kudatsala milu yachikasu ya mchenga wa m'migodi, imene mphepo ya mu August imaulutsira m'nyumba za anthu. Kudatsala Duduza, kumene anthu akuda adasamutsidwira mu 1964 atachotsedwa ku Charterston. Kudatsalanso dambo la Blesbokspruit, kwawo kwa mbalame za ku Marievale, limene mu 1986 lidalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, koma mu 1996 lidaikidwa pamndandanda wa madambo amene ali pangozi chifukwa cha madzi oipa opopedwa kuchokera mumgodi wa Grootvlei. Umu ndi mmene mgodi woyamba udagawira zinthu: chuma kutali, chiphe pakhomo.

Tsono pali chinthu chimodzi chofunika kuchiyang'anitsitsa. Milu yachikasu ija idatchedwa zinyalala kwa zaka makumimakumi. Koma kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, fakitale ya Ergo kufupi ndi Brakpan, m'khonsolo yomweyi, yakhala ikugumula miluyo ndi madzi n'kuyenganso mchengawo kuti itapemo golide wotsalira. Golide amene amapezekamo safika ndi theka lomwe la galamu pa tani imodzi ya mchenga, komabe ntchitoyi ili ndi phindu. Tani imodzi ya mafoni akale, kumbali ina, imakhala ndi golide wopitirira magalamu 100, osawerengera siliva, kopa ndi zitsulo zina zamtengo. Ngati mchenga wa theka la galamu uli woyenera fakitale, mapaipi ndi mainjiniya, nanga foni ikhala bwanji chinyalala? Amalonda akudziwa bwino yankho lake. Amene sakuuzidwa ndi mwini foni ndi munthu amene amaitola.

Ziwerengero zilipo. Lipoti la Global E-waste Monitor la 2024, lolembedwa ndi nthambi za United Nations za ITU ndi UNITAR, lidati m'chaka cha 2022 dziko lapansi lidataya zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo magawo 22.3 okha pa 100 ndiwo adalembedwa kuti adatoleredwa ndi kusamalidwa moyenera. Zitsulo za m'zipangizozo zidali za ndalama zokwana madola 91 biliyoni a ku America. Mu Africa, zimene zidalembedwa kuti zidasamalidwa moyenera sizidafike gawo limodzi pa 100. South Africa yokha idataya matani opitirira 500,000. Lipotilo likuyembekezera kuti pofika 2030 mulu wa dziko lonse udzafika matani 82 miliyoni pachaka. Uwu ndi mgodi, ndipo ndi mgodi umene ukukula pamene ina ija ikutsekedwa.

Okumba ake ndi anthu amene amadzuka m'bandakucha tsiku lotolera zinyalala, kukoka zingolo zawo m'misewu ya Nigel, Alra Park, Dunnottar ndi Duduza, kutsegula mabini galimoto ya khonsolo isanafike. Bungwe lofufuza la CSIR lidayerekeza kuti anthu otere m'dziko la South Africa alipo pakati pa 60,000 ndi 90,000. Ambiri ndi eni dziko, ena ndi obwera kuchokera ku Lesotho, Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi, zidzukulu za anthu a Wenela aja. Wotola amagulitsa katundu wake pasikelo kwa wogula zitsulo zakutha. Wogulayo amapititsa kwa makampani amene amamasula zipangizozo n'kusiyanitsa pulasitiki, chitsulo ndi kopa. Koma kathabwa kobiriwira ka m'kati, kamene okonza amati bodi, momwe muli golide, kawirikawiri kamalongedwa m'makontena n'kupita kung'anjo zazikulu za ku Ulaya ndi ku Asia, monga ija ya Umicore ku Hoboken m'dziko la Belgium. Izi zikuchitika m'khonsolo imene ili ndi Rand Refinery, malo oyengera golide amene adakhazikitsidwa mu 1920 ndipo ndi amodzi mwa aakulu kwambiri padziko. Njira ndi yomwe ija: wakuda amakumba, sikelo imamupatsa zochepa, phindu lenileni limawoloka nyanja. Kusiyana kwake n'kwakuti wa Wenela adali ndi nambala ndi chipewa, pamene wa chingolo alibe ngakhale magolovesi.

Apa mpamene nkhani ya mawu ikufika pachimake. Chingerezi cha m'misonkhano chili ndi liwu limodzi, recycling, limene limameza ntchito zitatu zimene Chichewa chimazisiyanitsa bwino. Kukonza ndi kubwezera chinthu kuntchito yake. Kusandutsa ndi kuchipatsa ntchito ina, monga mbiya kukhala phale, kapena foni yakale kukhala wailesi ya agogo. Kuphwanya ndi kusungunula ndiko kutsiriza, pamene palibenso chimene chingachitike. Mmisiri aliyense wa ku Ndirande akudziwa kuti ntchitozi zili ndi dongosolo lake, ndipo wosula amene angasungunule khasu loti langoguluka mpini angasekedwe ndi mudzi wonse. Koma liwu limodzi lija likamveka, anthu amaganiza za ntchito yachitatu yokha, makina odya makompyuta n'kulavula tizidutswa, n'kuwomba m'manja. Laputopu imene imangofuna batire latsopano imalowa m'kamwa mwa makina limodzi ndi ija yopsa, ndipo zonse zimalembedwa kuti zasamalidwa.

Kusokoneza dongosololi kuli ndi mtengo wake. Mpweya woipa wochuluka umene foni imadzetsa m'moyo wake wonse, pafupifupi magawo 8 pa 10, umatuluka pa nthawi yoipanga, mwini wake asanaigwire n'komwe. Kobati wa m'mabatire ambiri amakumbidwa ku Democratic Republic of Congo, dziko limene limatulutsa pafupifupi magawo 7 pa 10 a mwalawu padziko lonse. Foni ikakhala zaka zisanu m'malo mwa ziwiri, migodi ya ku Kolwezi imapumako. Ikasungunulidwa msanga, zitsulo zina zimapulumuka, zina zambiri zimatayika mung'anjo, ndipo foni ina iyenera kupangidwa kuyambira pachiyambi. Munthu wokhala pakabenchi pafupi ndi siteji ya mataxi, ndi kasikuludiraiva ndi chowotchera mtovu, amene amasintha galasi la foni pa mphindi makumi atatu, akuchitira dziko zazikulu kuposa makina aja. Koma iyeyu saitanidwa kumisonkhano.

Opanga zipangizo sangathawe mlandu. Batire limene kale linkachotsedwa ndi chala lero limamatidwa ndi guluu. Timisomali tina timafuna chomasulira chimene sichipezeka pamsika. Mu 2020 boma la France lidalipiritsa kampani ya Apple chindapusa cha mayuro 25 miliyoni chifukwa chochepetsa liwiro la mafoni akale popanda kuuza eni ake. Pa 14 October 2025 Microsoft idatsiriza chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10, ndipo makompyuta ambirimbiri amene akuyaka bwinobwino sangalandire Windows 11 chifukwa cha zofunika zimene kampaniyo idaika. Chinthu sichidafe, achilengeza kuti chafa. Mayiko a ku Ulaya adaona zimenezi n'kuchitapo kanthu: mu 2021 France idayamba kulamula kuti mafoni ndi malaputopu azilembedwa chizindikiro chosonyeza ngati ali osavuta kukonza, ndipo mu 2024 European Union idakhazikitsa lamulo la ufulu wokonzetsa katundu. Ndi chinthu chochititsa manyazi kuti olemera ndiwo akumenyera ufulu wokonza, pamene Africa, kumene kukonza kuli moyo wa tsiku ndi tsiku, akuphunzitsidwa kutaya.

Malamulo a South Africa si oipa papepala. Lamulo la zinyalala la 2008 limaika kugwiritsanso ntchito patsogolo pa kusungunula. Kuyambira May 2021 opanga ndi oitanitsa zipangizo zamagetsi ali ndi udindo pa katundu wawo ngakhale atatha ntchito, ndipo malamulo omwewo amati otola ayenera kulandira malipiro pa ntchito yawo. Kuyambira August 2021 ndi koletsedwa kukwirira zipangizozi kumtaya. Koma chipambano cha dongosololi chimayezedwa makamaka pasikelo, ndi matani otoleredwa. Foni yokonzedwa n'kubwerera m'thumba la mwini wake siilemera kanthu pasikelo imeneyo. Dongosolo limene limawerenga maliro okha silingaone ntchito ya sing'anga. Makampani ndi maofesi enanso amaphwanya makompyuta amoyo poopa kuti zinsinsi za makasitomala awo zingatuluke, chikhalirecho njira zofufutira zonse zili m'kati zilipo, ndipo sukulu za ku Duduza ndi Tsakane zikadalandira makompyutawo ndi manja awiri.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zimene siziyenera kupeputsidwa. Yoyamba ndi ya utsi. Wotola wina amawotcha mawaya kuti apeze kopa, amaswa wailesi yakanema yachikale imene galasi lake lili ndi mtovu wopitirira kilogalamu, amaboola firiji n'kutulutsa mpweya wake. Mtovu umawononga ubongo wa mwana, ndipo chimene chawonongekacho sichibwerera. Bungwe la World Health Organization lidachenjeza mu 2021 kuti ana pafupifupi 18 miliyoni amagwira ntchito m'malo osalembedwa m'kaundula, kuphatikizapo mitaya yotere. Yachiwiri ndi ya umbava. M'chaka cha 2020 mawaya a njanji za Gauteng adazulidwa mpaka sitima zambiri zidaima, pamene ku Dunnottar, pakhomo penipeni pa Nigel, fakitale ya Gibela idali ikupanga sitima zatsopano. Zonsezi n'zoona. Koma munthu amawotcha waya chifukwa chakuti wogula amalipira kopa yekha, ndipo makina osendera waya alibe. Mugulireni waya wosasenda pamtengo wabwino, moto uzima wokha. Ndipo mbava imabisala bwino pamene onse ali mumdima. Wotola wolembedwa m'kaundula, wodziwika malo ake, wolandira lisiti, ndiye mboni yoyamba yosiyanitsa waya wa ketulo ndi waya wa njanji. Ku Accra boma lidagumula mtaya wa Agbogbloshie mu 2021, ndipo owotcha adangomwazikira m'malo ena. Kuthamangitsa munthu sikuthamangitsa njala imene idamubweretsa.

Amalawi a ku Joni nawonso ali ndi mbali yawo pamlanduwu, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Aliyense amene adaonapo basi yochoka ku Johannesburg kulowera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza akudziwa zimene zimakhala m'ngolo yake: mafiriji, mawailesi akanema, masipika, mafoni odzaza chikwama. Zambiri ndi zabwino, ndipo zatumikira mabanja amene sakadakwanitsa kugula chatsopano. Mwana wa sukulu woyamba kugwira kompyuta m'mudzi mwake nthawi zambiri amagwira ya kaunjika. Palibe wanzeru amene angaletse malondawa. Koma pakati pa katundu ameneyu pali wina amene mwini wake akudziwa kuti watsala ndi miyezi itatu. Amamupukuta, kumukulunga bwino, n'kumutumiza ngati mphatso kapena kumugulitsa ku Limbe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chikafa, chimafera m'dziko limene lilibe ng'anjo yoyengera, chimakathera ku Mzedi ku Blantyre kapena ku Area 38 ku Lilongwe, kapenanso kuseri kwa nyumba kumene ana amasewera ndi mabatire ngati nsikwa. Agogo awo adabwera ndi fumbi m'chifuwa mosadziwa. Mdzukulu amene akutumiza mtovu kumudzi akudziwa sangadzikhululukire chimodzimodzi.

Mayiko a mu Africa adaona kale ngozi yotere. Pambuyo pa zinyalala zachiphe zimene zidatayidwa ku Koko m'dziko la Nigeria mu 1988, padabwera pangano la Basel mu 1989 ndi la Bamako mu 1991. Kuyambira pa 1 January 2025, pangano la Basel likufuna kuti zipangizo zamagetsi zotha ntchito zisawoloke malire popanda chilolezo cha dziko lolandira. Koma pangano silingayatse wailesi yakanema pachipata cha Mwanza kuti lione ngati ili moyo. Chofunika pamenepo ndi soketi, mmisiri ndi lamulo losavuta: chimene chayaka chilowe, chimene sichidayake chibwerere kumene kuli ng'anjo.

Luso silikusowa. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adayamba ndi kumasula mawailesi akufa, ndipo ali mnyamata wosiyira sukulu panjira adapanga makina amphepo opangira magetsi kuchokera ku njinga yakale ndi zitsulo za kumtaya. Dziko lonse lidamuwombera m'manja ngati chozizwitsa, koma m'misika ya Lilongwe, Chipata, Tete ndi Springs muli anyamata ndi atsikana a mtima womwewo amene palibe adawajambula. Chimene akusowa ndi zipangizo zosinthira pamtengo wofikirika, mabuku osonyeza mmene chinthu chidalumikizidwira, satifiketi yozindikira zimene akudziwa kale, ndi malo otetezeka okasiyako zimene zafadi. TEVETA ku Malawi ndi makoleji a ntchito zamanja a ku Ekurhuleni akhoza kuyamba mawa. Ndalama zimene opanga zipangizo akusonkha pansi pa malamulo a 2021 zikhoza kulipira mmisiri pa chinthu chilichonse chimene wachibwezera moyo, monga zimalipirira tani yophwanyidwa.

Ophunzira za ziyankhulo nawo asaganize kuti nkhaniyi ndi ya mainjiniya okha. Chenjezo la pabatire limalembedwa m'Chingerezi, m'Chifalansa ndi m'Chitchaina. Mayi wa ku Nsanje amene akuponya batirelo pamoto sangaliwerenge. Centre for Language Studies ku Zomba idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, ndipo ntchito yotereyi iyenera kufika pabenchi ya wokonza mafoni, kumva mawu amene iye wapanga kale, kuwalemba, ndi kumubwezera buku la ntchito yake m'chiyankhulo chake. Koposa zonse, omasulira asiye kutanthauzira mwaulesi. Akalemba kuti zinyalala zamagetsi, ndiye kuti agamula mlandu usanazengedwe. Chiyankhulo chimene chidasiyanitsa mbiya ndi phale sichingalephere kusiyanitsa chowonongeka, chakutha ndi chakufa, ndipo lamulo lolembedwa ndi mawu atatuwa lingateteze mmisiri, wotola ndi mwana wosewera kuseri kwa nyumba.

Nigel idapereka golide wake woyamba ndipo idatsala ndi milu yachikasu, dambo lodwala ndi akazi amasiye omwazikana kuchokera ku Transkei mpaka ku Mzimba. Pa nthawi imeneyo anthu akadatha kunena kuti sadadziwe. Golide wachiwiri akudutsa m'misewu yomweyo, m'chingolo chokokedwa ndi munthu amene oyendetsa galimoto amamuimbira hutala kuti apatuke. Chipukutamisozi cha mgodi woyamba chidafika eni ake ambiri atamwalira. Makhonsolo, makampani ndi maboma a mbali zonse za Zambezi ali ndi mwayi wolipira wa chingoloyu akadali moyo, pamtengo woyenera, ndi kuika mmisiri patsogolo pa ng'anjo. Akazengereza, adzakumananso m'khoti zaka makumi asanu zikubwerazi, kuwerenga mapapo a anthu ena.